Ndinagwada kwa apongozi, miyendo inakana kudzuka

Anzanga, pezani pokhala mumve. Ine ndiima kaye, kukhala pansi kukundivutabe.

Mukudziwa ntchito yanga ku Limbe, tsiku lonse pampando kulumikiza mafoni a pa ofesi, "halo, dikirani pang'ono" mpaka faifi koloko (mabwana akatuluka ndimaimbira inuyo, musakane). Ndiye masitepe a pa ofesi anayamba kundithetsa mpweya. A Mayi Chapola, anesi aja a ku Chitawira, anandiuza pa foni kuti ali ndi gulu la amayi lolimbitsa thupi Loweruka m'mawa pa bwalo la sukulu. "Pagulu sutopa msanga, anzako amakukoka," anatero. Ine yomweyo!

Ndinafika nditavala kabudula wa achimwene mkati, chitenje pamwamba (thalauza ndi mlandu kwa ife akazi, ndiye timadumpha dzanja lili pa mfundo). Anesi anandichenjeza: "Iwe ndiwe mlendo lero. Ena akapanga twente, iwe faifi basi." Koma pambali panga panali mayi wa ana asanu akudumpha ngati chule, uku akuimba. Ine mtsikana ndigonje? Ndinanjuta, kudumpha, kuthamanga, kunjutanso, mpaka gulu lonse kundiombera m'manja. Ndinabwerera kunyumba thupi lili pepuu, ndikudzimva.

Chomwe sindinaganizire nchakuti mawa lake a Zuze, achibwenzi anga, amakandionetsa kwa mayi awo ku Chigumula. Koyamba. Ndipo anali atandiuza kale kuti mayi awo akamukana munthu, nkhani imathera pomwepo.

Lamulungu m'mawa ntchafu ngati zathiridwa simenti. M'basi ndinaima njira yonse, a Zuze nkumaganiza kuti ndikuopa kukwinya diresi. Titafika, nthawi ya chakudya, ndinathamangira beseni la madzi kuti andione ulemu, nkugwada pamaso pa amayiwo. Kugwada kunatheka. Anasamba m'manja. Ndinati ndidzuke, miyendo inati ayi.

"Zikomo mwanangu, dzukani."

"Ndili bwino pompano, amayi."

Anatembenukira kwa a Zuze. "Taona! Atsikana a m'tauni amangogunditsa bondo limodzi ngati pansi pali moto. Uyu ndiye waleredwa."

Ine thukuta kamukamu. Ndinadya chigwadire. Mafunso onse ndinayankha chigwadire, kwanu nkuti, mumapemphera mpingo wanji. Anaitananso aneba adzaone mtsikana waulemu! Ndimatsinzinira a Zuze kuti andidzutse, iwo kumangomwetulira, akuyesa chikondi.

Kenako amayi anati, "Mwanangu, takatayani madziwo panja." Ndinagwira beseni, kuluma mano, kudzikankha ndi mphamvu zonse. Mwendo wakumanzere unadzuka, wakumanja unatsalira. Khuthu! Madzi onse pa chitenje chawo cha kutchalitchi, ine chagada pa simenti, beseni likuzungulira lokha.

Ndinayamba kulira, nkuulula zonse, mpaka za kabudula wa achimwene (zimene amayiwo sanandifunse nkomwe).

Amayi aja anaseka mpaka kupukuta misozi. Anatenthetsa madzi, anathamangitsira a Zuze panja, nkundithowa ntchafu okha ndi kansalu. "Ndiye m'tauni mumadumpha popanda chokolola?" Kenako anakuwira pawindo: "Zuze, uyu usamutaye! Khama ali nalo, nzeru tidzamupatsa ife." Pondiperekeza anandigwira dzanja. "Loweruka mubwere, mudzalimbitsire thupi m'munda mwanga. Mizere ikudikira."

Tsono anesi andiimbira kale kawiri, akuti ululu umatha ukabwererako, ndipo amayi a gulu akundifunsa. Kunena zoona ndinasangalalako, ndikufuna kupitanso. Koma Loweruka ndi limodzi, miyendo ndi yomweyi. Inuyo mukanapita kuti, ku bwalo kapena kumunda kwa apongozi?