Ng'oma Yanga Inatsatira Bwana

Mpaka lero ndikamva jazi pa wailesi, m'manja mwanga mumatuluka thukuta. Zinandionekera ku Senga Bay, matipate atangoyamba kumene.

Ndinali mphunzitsi, koma Lamulungu masana ndinkaimba ng'oma m'bandi ya pahotela ina. Tsiku lina mkulu wa bandiyo, a Kamwendo, oliza saksofoni, anabwera ndi kaseti. Anati manijala watsopano akufuna tiziimba nyimbo ya jazi imene inali m'menemo, apo ayi aitana bandi ya ku Lilongwe.

"Vuto ndi limodzi, aphunzitsi," anatero. "Nyimbo zathu zonse kugunda kwake timawerenga kanayi. Iyi ndi kasanu."

"Nanga kachisanuko n'kantchito yanji?"

"Mukafunse eni ake. Inu muzingomenya."

Mantha anandigwira. Ine ndinakulira kugubitsa ana pasukulu, mwendo wanga umadziwa kanayi basi. Ndiye ndinapeza nzeru yomanena chamumtima kuti "Chi-ta-la, Se-nga", katatu kenako kawiri. Sabata yonse ndinkayenda nazo, kumsika, m'kalasi, ngakhale kubafa, ngati kondakitala wa minibasi (mayi akunyumba anayamba kundiyang'ana mokayikira).

Lamulungu tinayamba bwinobwino, manijala ataima pakhomo manja ali m'thumba. Kenako phungu wina wongosankhidwa kumene, amene ankadya chambo patebulo lakutsogolo, anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja. Kanayi. Omuperekeza onse nawonso, kanayi.

Ndinayang'ana a Kamwendo, ananditong'olera maso. Ndinayang'ana phungu uja, anali akumwetulira ine amene, uku akugwedeza mutu. Tsono tandiuzani, olemekezeka akuomba m'manja, iwe mphunzitsi wamba n'kumawatsutsa ndi ng'oma pagulu? Si paja tinakula tikudziwa kuti wamkulu salakwa? Chitala ndi Senga zinandithawa m'mutu, manja anga n'kutsatira bwana.

Saksofoni inalowera kwake, wagitala anayesa kutiyanjanitsa koma anasochera pakati, nyimbo n'kufera panjira. Phungu uja anandiloza. "Pagulu lonseli, wodziwa nyimbo ndi wang'omayu!"

Tikulongedza zida, a Kamwendo anandiyandikira n'kunena motsitsa, "Aphunzitsi, ufulu unabwera kale. Kwanu simunamve?"

Lamulungu lotsatira pampando wanga panakhala munthu wa ku Chipoka. Bandi inapulumuka, ine ayi, ndipo zinandiwawa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinatengapo phunziro. Koma dzulo lomweli pamzere wa m'mawa kusukulu ahedi athu anayambitsa nyimbo mosokonekera, ndipo woyamba kuwatsatira ndinali ine.