Mono wa Bwana Dubai

Pulani inabadwira m'kabala kena ku Kawangware mu Nairobi, nthawi ija mowa wafika m'mutu ndipo aliyense wasanduka injiniya. Mwini pulani anali Blackson, dalaivala wa bungwe lina, yemwe anzake ankamutcha Bwana Dubai chifukwa anadutsako pabwalo la ndege la kumeneko kamodzi, ndipo mpaka lero sanasiye kukamba.

Vuto la mkuluyu linali pakamwa. Anali atalonjeza a Immaculata, azakhali a chibwenzi chake Pauline, kuti pachinkhoswe Loweruka anthu adzadya mpunga wa Kilombero weniweni. A Immaculata, mayi wachimalawi wokhala ku Karen, dera la anthu olemera, wosaseka ndi wabodza, anali atanenetsa kuti mwana wawo sapita kwa mwamuna wolemera pakamwa pokha. Mpungawo Blackson analibe ngakhale wodzaza chikhatho.

Koma sabata imeneyo mu Nairobi munali chionetsero cha mayiko, ndipo m'nyumba ya Malawi munali matumba a Kilombero ounjikidwa bwinobwino. Blackson anali atakazonda kale. Mayiko ena anamanga nyumba zagalasi, zina zozungulira zokha. Athu anamanga chinthu chachitali chansungwi, chogona pansi, kukamwa kotakasuka koma kocheperachepera ukamalowa. Masana antchito ankakhoma kachitseko kotulukira kumbuyo n'kupita kokadya, kutsogolo n'kungomangako kachingwe.

"Aise, khomo lopanda chitseko," anatero Blackson. "Dilu iyi yadzipanga yokha."

Anamuombera m'manja anzake awiri: Griffin, wotchedwa Kadzidzi poti ankagona masana paliponse, ndi Masauko, mkulu wamimba amene ankamuti Matatu, dzina la maminibasi a ku Kenya, chifukwa m'mimbamo simunkasowa malo.

Tsiku lotsatira masana anafika atavala majekete owala ngati antchito. Griffin, yemwe anakulira ku Nkhotakota, anaima n'kuyang'anitsitsa chinyumbacho, kenaka ananena kuti chikufanana ndi mono, msampha wa nsomba umene bambo ake ankatchera mumtsinje. Blackson anamuseka. Anati n'chifukwa chake anthu akumudzi satukuka, amenewo ndi mamangidwe amakono, iye anawaona ku Dubai. Pambali panali chikwangwani chofotokoza zonse, koma bwana sawerenga zikwangwani.

Polowa, nsungwi za pakhosi pa chinyumbacho zinapatuka mwaulemu ngati zikulandira alendo. Aliyense anasenza thumba lake. Potembenuka, anapeza nsungwi zomwe zija zabwerera m'malo, nsonga zonse zitaloza iwowo. Matatu anati zimenezi n'zamphamvu basi, anadziponyamo, n'kukanirira pamimba, mutu kunja, miyendo mkati. Thumba lake linabooka, mpunga n'kuyamba kuyoyoka. Kachitseko kakumbuyo kanali kokhoma chinthu chomwe Blackson mwini anakondwera nacho dzulo lake.

Tsoka la nyumba yansungwi n'lakuti imaonekera. Ana asukulu anaunjikana, azungu anayamba kujambula, onse akuyesa kuti ndi sewero la Amalawi. Askari wina, mlonda wa pachionetseropo, anafika, koma m'malo mowagwira anayamba kundandalitsa anthu pamzere. Griffin anakhala pathumba n'kugona.

Kenaka panatulukira gulu la amayi ovala zitenje, likuperekeza alendo. Kutsogolo kunali a Immaculata, Pauline ali pambali pawo. Blackson anachita mantha enieni, koma pakamwa sipanafe.

"Mwaswera bwanji, azakhali? Ndimangoyesa ngati ndi weniweni."

Thumba linali likadali paphewa. A Immaculata anawerama, anatapa mpunga wotayika uja, anaununkhiza mosafulumira.

"Ndi weniweni ndithu, a Blackson. Apa pokha simunaname."

Anatembenukira alendo n'kuwafotokozera modekha kuti umu ndi mmene mono umagwirira ntchito: nsomba imalowa yokha chifukwa cha dyera, ndipo msodzi sathamangitsa kanthu. Alendo anaomba m'manja. Atatero, a Immaculata anakodola askari uja kuti adzawagwire, anagwira Pauline padzanja.

"Tiye mwanawe. Loweruka ukachape zovala."