Mkangano wa Anzeru Pakhonde Panga

Lolemba
Ndaganiza! Loweruka pakhonde panga ku Area 14 pakhala mkangano wa anzeru. Mbali iyi a Moreli, Mfalansa wopuma pantchito amene amangokhalira mabuku. Mbali iyo a Kabongo a ku Congo, ophunzitsa Chifalansa kusukulu kwathu. Mutu: kodi anzeru a ku Paris anaphunzitsa Aafirika kuganiza, kapena nawonso anatolako kuno? Wapampando: ine. Aphunzitsi anzanga amene amanditcha "wa mitsinje ndi mapiri" aone kuti nanenso mutu umagwira.

Lachiwiri
Kumsika wa Tsoka kukasaka jekete la kaunjika. Wogulitsa akuti, "Bwana, ili ankavala ndi pulofesa." Manja ake akubisa zala zanga. Ndagula.

Lachitatu
Mayi a kunyumba akufunsa, "Anthuwo analakwirana chiyani?" Ndikuti sanalakwirane, angotsutsana basi. "Ndiye mwawaitana adzayambanire pakhomo pathu?" Ndasiya kufotokoza.

Lachinayi
Zofunika: mipando, mandasi, belu loletsera wolankhulitsa. Mipando atibwereka a Banda, mkulu wa mpingo wathu. Akuti abwera nayo okha, akhalenso nawo.

Lachisanu
Tsoka ilo! Onse awiri akuti Chingerezi chimawachedwetsa kuganiza, alankhula Chifalansa. Changa chinathera pa moni. Ndikuyeserera kugwedeza mutu pagalasi.

Loweruka
Ayamba bwinobwino. Kenako a Kabongo aimirira, chala m'mwamba. A Moreli afiira, akumenya tebulo, mandasi akudumpha. Ine mtima uli m'malo, nzeru zikuwira! Belu palibe akulimva. A Banda adzuka: "Abale, pakhomo pa eni ake sitichita chonchi." Awakhazika wina uku, wina uko, aliyense apepese mnzake. A Kabongo akudandaula, "Koma tatsala pang'ono kugwirizana, bambo!" A Banda akuti, "Mugwirizana mukagwirana chanza." Chanza, nyimbo, pemphero lalitali. Aphunzitsi anzanga aja akuseka mpaka misozi. Mawu anga otsekera, amene ndaloweza sabata yonse, andithera m'kamwa.

Lamulungu
Kutchalitchi a Banda athokoza Mulungu poyanjanitsa mzungu ndi Mkongo pakhomo panga. Mpingo wonse ukundigwira chanza. A Moreli ndi a Kabongo apangana zomakumana okha, kopanda oyanjanitsa. Ine sanandiitane, ndipo zandiwawa. Mawa ndikuphunzitsa mtsinje wa Linthipe. Jekete ndivalabe.