Thumba la Unga ndi Apongozi Anga

Anzanga, utsogoleri si masewera ayi. Mvula itagwetsa nyumba mʼkomboni yathu ya Wusakile, bungwe lina linabweretsa unga, anthu nʼkundisankha ine kukhala wapampando wogawa. Ine Ba Chair! Ndinagula ndi tayi yemwe.

Mayi wa bungwe wochokera ku Ndola anatilangiza bwinobwino: okalamba ayambe, mtsogoleri apereke ndi manja ake, amuyangʼane munthu kumaso, ndipo wokondera achibale achotsedwa pomwepo. Ndinavomera mpaka khosi kuwawa.

Tsiku logawa, nditangokweza maso, ndani ali pamzere? Apongozi anga, mayi a akazi anga! Inu mukudziwa, kwathu ku Chipata mkamwini sayangʼanizana ndi apongozi, ukawaona panjira umalowa patchire. Nanga pabwalo la tchalitchi tchire ulipeza kuti? Ndiwapatse, anthu ati ndakondera. Ndiwayangʼane, ukwati watha.

Ndiye nzeru zanga zoperewerazi zinati, alumphe. Ndinaitana wakumbuyo kwawo. Kenako winanso. Ndinalumpha mpaka mzere wonse unatha, iwo ali chiimire, maso pansi.

"Ba Chair, ninshi?" anthu anafuula mʼChibemba. "Gogoyu walakwa chiyani?"

Mayi wa bungwe anabwera nkhope ili gwaa. "Bambo Phiri, okalamba tinati ayambe. Mayiwa mwawasiyiranji?"

Ndinene kuti ndi apongozi? Ndinangoti, "Ndimawasungira thumba labwino."

Mayo ine, bwalo lonse linaphulika! "Labwino? Ndiye ife mwatipatsa lofumbwa?"

Thukuta lili kamukamu, tayi ikundinyonga, ndinanyamula thumba, nʼkutembenuka, nʼkuyamba kuyenda chambuyo ngati lole ya kumgodi, kuti mwambo ndi chilungamo zonse zikhutire. Sindinaone mwala. Ndinagwa chagada, thumba linauluka, linaphulika pamutu pa apongozi. Fumbi lake ati analiona anthu ali kutali ku Parklands.

Apongozi ayera mbuu kuyambira duku mpaka zala. Sanandiyangʼane, mwambo anausunga ndithu. Anatembenukira kwa mayi wa bungwe nʼkunena mofatsa: "Mwana wanga, muwauze akamwini angawa kuti gawo langa ndalandira. Lina lili mʼmakutu, ndikakungʼuntha kunyumba."

Mpando anandilanda, akazi anga sabata yonse amandipatsa ndiwo zokha. Ndalumbira, ndikadzagawanso chithandizo, ndikagawira kutali, ku Lubuto. Kumeneko sindinakwatireko.