Jakisoni Wamiyendo

Lolemba
Lachisanu ndiphunzitsa komaliza, kenako penshoni. Ndikufuna kutsanzika ndi phunziro limene ndinayamba nalo nditangofika kuno ku Chintheche kuchokera kwathu ku Dedza: mmene kavairasi kamagwirira bakiteriya. Zofunika: papaya loimira bakiteriya, jakisoni woimira kavairasi, waya wa miyendo yake, ulusi wa ukonde woimira DNA. Ana andikumbukire ndi chimenechi, osati jekete langa lakuthali.

Lachiwiri
Anamwino andipatsa jakisoni watsopano. Ndikumumangirira miyendo. Kale waya ndinkapinda ndi zala, lero mpaka kubwereka pulayala. Kavairasi kenikeni kamapapasa ndi miyendo, kakazindikira khungu la bakiteriya wake kamakakamira, n'kudzipanikiza, n'kuboola. Kangaka kakungogwa chagada.

Lachitatu
Papaya kulibe! "Linayamba kufewa, ndiye tadya," akutero mayi akunyumba, osachita ndi manyazi omwe. M'malo mwake ndapempha chinangwa choviika kwa aneba. Fungo lake zaka zonsezi sindinalizolowere. Ulusi nawo ukukana kulowa mujakisoni. Kabowo kameneka ndinkakaona popanda magalasi.

Lachinayi
Ndadutsa pamsika jakisoni ali m'thumba la malaya, mutu uli kunja. Pofika masana, mpaka ku Bandawe kwamveka kuti mawa kusukulu kuli katemera.

Lachisanu
Kalasi ili pululu. Anyamata ati akukoka makoka, atsikana ati atumidwa kumunda. Ochepa amene abwera akhala pafupi ndi chitseko atagwira mapewa. Ndikukankha jakisoni, chinangwa chikuphwanyika, ulusi watsalira momwemo. Belu. Ntchito ya moyo wanga yonse yathera pamenepo, manja akununkha.

Loweruka
Kulongedza. Mabuku, jekete, choko chotsala. Ndikukumbukira ana anga oyamba aja, ankakanganirana malo kutsogolo kuti aone papaya likubayidwa. Zikundiwawa, ndisabise.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi akundiimitsa mayi wina wogulitsa usipa, akundiitana monga amaitanira aphunzitsi kuno. "Asambizi, ndamva munabweranso ndi jakisoni wamiyendo uja. Mwana wanga anathawa, chitsiru. Ndamuuza ndekha: chigoba chimatsala kunja, cholowa ndi ulusi, basi bakiteriya n'kuyamba kubala tiana ta mlendo mpaka kuphulika." Mayiyu ndinamuphunzitsa kalekale. Dzina lake ndaliiwala, ndipo manyazi andiletsa kufunsa.

Chabwino. Ulusi unalowa. Chigobachi, ine amene, chikwera basi ya ku Dedza mawa.