Galimoto ya mkamwini inali pa waranti

Mpaka lero ndikamva mawu oti waranti ndimayang'ana kothawira. Amene akufuna kuseka aseke, koma adziwe kuti akwathu anaseka kale, sanamusiyire kanthu.

Ine sukulu ndinalekeza giredi folo, koma galimoto ndimaidziwa. Ndakalambira pa lole, kututa thonje ndi nshawa ku Chipangali kupita nazo m'tauni ya Chipata. Injini ikatsokomola ndimadziwa chimene yadwala ndisanatsike n'komwe. Ndiye mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga Misozi, atabwera ndi galimoto yamagetsi, ndinaizungulira kufuna paipi ya utsi. Palibe. Pothira mafuta palibe. Amangoitchaja ngati foni, chingwe kudzera pawindo. Ikamayenda ndi zii, moti nkhuku zanga sizinaimve ikubwera (tambala tinadya tsiku lomwelo).

Mkamwiniyo ndi mphunzitsi, mwana wa ku mishoni, wofatsa ngati sanakalipidwepo. Anali kupita ku Lusaka kukachita kosi, Misozi naye limodzi, pa basi. Galimoto anati itsale ndi ine kuti ndizipita nayo kuchipatala ndi mayi ake a Misozi, amene miyendo imawatupa. Anagwada chapatali, monga achitira mkamwini wolangika, nalankhula motsitsa mawu.

“Bambo, ikayamba kuvuta mupite nayo kwa amene anandigulitsa. Munthu wina asaitsegule. Ili pa waranti.”

Ndinati chabwino.

Ine waranti ndinkadziwa imodzi yokha. Mkulu wanga anajomba kukhoti pa mlandu wa ng'ombe, apolisi anabwera n'kunena kuti ali pa waranti, anamutenga ali ndi khasu m'manja. Ndiye galimoto ikhale pa waranti, munthu aliuze motsitsa mawu, awonjezere kuti wina asaitsegule, inu mukanaganiza chiyani? Ndinadziwa kuti galimotoyi apolisi akuifuna, ndipo bambo a zidzukulu zanga alowa m'gulu la akuba.

Musandifunse chifukwa chake sindinamufunse. Mkamwini sudya naye mbale imodzi, sukhala naye mphasa imodzi, ndiye uyambire pati kumufunsa kuti kodi mwaba? Mkazi wanga anati ndiimbire Misozi. Ndinamukalipira kuti nkhani zotere za pafoni apolisi amamva. Anati ukalamba wandiyambira kumutu, n'kupitiriza kusenda nshawa zake.

Sipanapite nthawi, galimoto inayamba kulira pansi. Ukati unyamuke, gudu. Ukachotsa phazi, gudu. Pa lole kaphokoso kotere sungakamve n'komwe, koma pa chinthu chachete ngati chija kamamveka ngati wina akusinja pansi pa mpando. Garaja ya ogulitsa ili m'tauni, ndipo pakati pa kwathu ndi tauni pali rodibuloko. Komanso ine ndipite ndekha kukadzionetsa kwa akuba anzake? Ndinakana.

Kuchipatala ndinayamba kudzera njira za ngolo, kuzungulira kudambo, m'zitsa ndi m'mizere ya eni ake, kuthawa apolisi. Gudu uja anakula, anabereka ana. Mkazi wanga ankafika kwa adokotala miyendo ili bwino, msana ndiwo ukupweteka. Tikabwerako ndinkaiika kuseri kwa nkhokwe n'kuifunditsa mapesi (mbuzi zinadya mapesiwo, n'kukwera padenga pake kufuna ena).

Kenako ndinaitana Zulu, mnzanga wa pa malole, amene masiku ano amawotcherera mageti. Ndinamulumbiritsa kaye, n'kumuuza zonse. Anati iye nkhope ya mphunzitsi uja inkamukayikitsa kuyambira paukwati, munthu sangafatse choncho popanda chobisa. Analowa pansi n'kupeza kuti labala imene imagwira mota yang'ambika, ndiye mota ikumenya chitsulo. Anandionetsanso utoto wachikasu umene unali pamutu pa mabauti onse, n'kufunsa kuti ndi wa chiyani. Ndinamuuza kuti ndi zizindikiro za apolisi, apale zonse. Anapala.

Labala yotere ku Chipata kuno sungaipeze pamsika. Zulu anati labala ndi ya anthu aulesi. Anadula chitsulo cha pulawo yanga yakale n'kuchiwotcherera pamenepo, moto uli thethethe pafupi ndi batire. (Akugaraja anandiuza pambuyo pake kuti tikanapsa ife, nkhokwe ndi mbuzi zomwe. Tsikulo tinkangoyamikirana.)

Gudu anatha, zimenezo ndisaname. Koma tsopano galimoto yonse inkanjenjemera ngati ili ndi malungo. Ukayankhula uli m'kati mawu amatuluka ngati a mbuzi.

Atabwerako ku Lusaka, mkamwini anangoiyendetsa pang'ono n'kuima. Anangopempha mwaulemu kuti tonse tipite kugaraja. Ndinakhala kumbuyo ndi Misozi. Tikuyandikira rodibuloko ndinatsetsereka pampando mpaka mutu unabisika. Wapolisi anangoti mwauka bwanji aphunzitsi, n'kutikwezera dzanja. Mumtima ndinati taonani, mpaka apolisi anawagula.

Kugaraja anaikweza m'mwamba. Mkulu wa amakanika anayang'ana chitsulo cha pulawo chija nthawi yaitali, anaitana anzake, ena anayamba kujambula ndi mafoni. Kenako anapukuta manja n'kutembenukira kwa mkamwini.

“Pepani aphunzitsi. Labala ija tikanakusinthirani ulere. Koma apa palowa moto, mabauti atsegulidwa. Waranti yafa.”

Abale, ine chimwemwe chinandigwira. Ndinagwada pa simenti ya mafuta ija n'kuyamba kuomba m'manja. Ndinathokoza bwanayo, ndinati Mulungu amudalitse ndi ana ake omwe. Ndinadzuka n'kugwira dzanja la mkamwini, chinthu chimene sindinachitepo chikwatirire mwana wanga.

“Mwapulumuka bambo. Yafa. Kundende simupitanso.”

Garaja yonse inati zii, ngati galimoto ija ili yatsopano.

“Atate, ndende yanji?” anafunsa Misozi.

Ndinafotokoza. Ndili pakati, makanika wina anathawira kuseri kwa matayala, ndinkangomva akutsamwa. Misozi ndiye anandimasulira, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa giredi wanu, kuti waranti iyi ndi lonjezo la ogulitsa loti chinthu chikawonongeka chokha akonza iwo, bola wina asachigwire. Utoto wachikasu uja unali wawo, woonera ngati munthu watsegula.

Mkamwini anakhala pa tayala, nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, ndaliza mwana wa eni ake, ukwati wa Misozi ndauwotcherera pamodzi ndi pulawo. Atadzutsa mutu misozi inalidi m'maso, koma inali ya kuseka.

“Ndiye bambo, masiku onsewa mumadziwa kuti ndine wakuba, koma mumandibisa?”

Ndinamuyankha kuti nanga ndikanatani, zidzukulu zanga zikule bambo awo ali kundende? Anasiya kuseka. Anaima, n'kundigwiranso dzanja, ulendo uno yekha, ndi manja onse awiri.

Kukonza zimene Zulu anakonza kunadya nshawa zanga za chaka chino. Mkamwini anakana kuti ndisalipire, ine ndinakana kukana kwakeko. Koma mkwiyo wanga sunathe, ndipo suli pa iye. Uli pa amene anapanga Chizungu. Mawu onsewa ali nawo, mabuku odzaza masukulu, analephera bwanji kupeza mawu awiri, ena omangira munthu, ena okonzera galimoto? Ndiye wopusa akhale ine?

Sabata yatha ndinapita kukagula wailesi. Ndasankha bwinobwino, mtsikana wa m'sitolo akumwetulira n'kunena kuti ndisadandaule, ili pa waranti. Tanthauzo lake tsopano ndikulidziwa, Misozi anandiphunzitsa. Koma ndinaibweza pa kauntala, n'kukagula yakale kwa Zulu.