Tsiku Limene Ndinapulumutsa Apongozi Ali Mtulo

Pali nkhani zina zimene munthu umayenera kupita nazo kumanda. Iyi ndi imodzi mwa izo, koma poti ku Ngokwe ngakhale akabaza akuidziwa, bola manyazi angawa ndiulule ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali pa kosi ya chithandizo chadzidzidzi ku Balaka. Aphunzitsi athu, mayi waukali ngati tsabola wa kambuzi, anatikhomerera mawu amodzi m'mutu: airway, njira ya mpweya. M'mawa airway, masana airway. Ankati munthu akakomoka lilime limagwera kumbuyo n'kutseka kukhosi, ndipo chizindikiro chake ndi mkonono.

"Muitaneni mokweza, mugwedezeni paphewa!" ankatero. "Akapanda kuyankha, head tilt, chin lift: mutu kumbuyo, chibwano m'mwamba. Kenako khutu pakamwa pake, maso pachifuwa, muwerenge mpaka teni."

Tinayeserera pa chidole cha pulasitiki mpaka ndinkazilota.

Loweruka lina bwenzi langa Veronika anandiitana kuti ndikaonekere kwawo ku Ngokwe. Anandichenjezeratu pafoni.

"Yohane, amalume anabweza kale anyamata awiri chifukwa chosowa khalidwe. Amayi usawayandikire, usawakhudze, usawakwezere mawu. Unjute patali. Ukalakwitsa, za ukwati iwala."

Ndinafika dzuwa lili paliwombo, nthawi imene tinagwirizana isanakwane. Pakhomo panali zii. Ndinaodira kawiri, palibe woyankha. Kenako kuseri kwa nyumba ndinamva: khrrrr! khrrrr!

Ndikasuzumire, mayi ali chagada pamphasa pafupi ndi matumba a thonje, kukamwa yasa, mwendo umodzi uli padothi. Ndinawazindikira, Veronika anandionetsapo chithunzi. Apongozi!

M'mutu mwanga munayamba ndewu. Aphunzitsi akuti kuwa, Veronika akuti usakweze mawu. Aphunzitsi akuti gwedeza, Veronika akuti usakhudze. Ine wanzeru ndinaganiza zokondweretsa onse awiri.

Ndinanjuta patali, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunong'ona: "Amayi, mukundimva?"

Khrrrr!

Ndinatola phesi la chimanga n'kugogoda nalo m'mphepete mwa mphasa. Palibe chinachitika. Sakuyankha! Amayi ake a Veronika akundifera m'maso, ine wophunzira ndili chinjutire?

Ulemu wonse unathawa. Ndinagwada, dzanja pachipumi, zala ziwiri pansi pa chibwano, n'kupendeketsa mutu. Mkonono unaleka nthawi yomweyo. Kunena zoona ndinadzimva kukoma. Ndinatsitsa khutu pakamwa pawo, maso pachifuwa, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Wani, thuu, fili, folo..."

Pa seveni maso awo anatseguka.

"Mayo ineee! Mfiti masanasana!"

Mbama imene inatera pakhutu langa sinali ya munthu wodwala. Anthu anatulukira mbali zonse: Veronika ndi ndowa pamutu, bambo ake, ndi amalume aja atanyamula chikwanje cha kumunda.

"Iwe ndiwe ndani?" anafunsa amalume.

"Ndine mlendo uja mumamuyembekezera."

"Ndiye umatani pa mlongo wanga?"

"Ndimatsegula airway."

"Umatsegula chiyani?"

"Njira ya mpweya. Lilime lawo linagwa."

"Lilime langa linagwa?" anakuwa apongozi. "Nanga ili n'la ndani?" Ndipo analigwiritsa ntchito pa ine kwa nthawi yaitali ndithu, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe. Ati anadzuka kusanache kukathyola thonje, munthu sangapumeko pakhomo pake?

Amalume anakweza dzanja. "Nanga maso ako amafuna chiyani pachifuwa?"

"Ndimaona ngati chikukwera ndi kutsika."

Ndowa ya Veronika inagwa, madzi onse pansi.

"Iyayi, simunandimvetse!" ndinatero thukuta lili kamukamu. "Ndi look, listen and feel. Umaona, umamvetsera, kenako umamva mpweya wawo patsaya pako."

"Mpweya wa apongozi patsaya pako?" anakuwa amalume.

Chilichonse chimene ndinkawonjezera chinkangokumba dzenje langa. Ineyo sindinkamvetsanso kuti ndalakwa pati, chifukwa m'kalasi zomwezi ankandiwombera nazo m'manja.

"Chabwino," anatero amalume. "Bwanji sunangowadzutsa?"

"Ndimaopa kuwachitira mwano."

Amalume anandiloza ndi chikwanje chija.

"Kudzutsa munthu ndiye mwano, kumugwira chibwano ndiye ulemu? Ku Balakako mukuphunzira zimenezi? Nyamuka, tidzakuitana tikafuna."

Veronika sanandiyang'ane n'komwe. Ndinadziwa kuti ndakhala wachitatu, ndipo zinandiwawa kuposa mbama ija.

Bambo ake a Veronika anati andiperekeze kumsewu. Titapitirira nkhokwe anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mwananga, ine ndimatulukira pakona paja pamene umagwada. Utakweza chibwano chija, mkonono unaleka?"

"Unaleka, bambo."

"Pompo?"

"Pompo."

Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, maso ali ndi misozi.

"Zaka makumi atatu ine tulo tabwino sinditidziwa. Za amalumewo usiyire ine, mwanayo ukwatira. Koma tandionetsa kaye, zala ziwirizo umaika pati?"

Ulemu ndi wabwino, anzanga, koma wogona muzingomudzutsa.